Ngongole ya a Nakhumwa

A Nakhumwa analibe ndalama zanga za ganyu.
Anandiloza thumba la feteleza lofufuma
nati, Fagesi, tenga, iwe suja umatha zamanja,
nkhosa za kuesiteti zametedwa dzulo.
Ndinalisenza kuchokera ku Makwasa,
lopepuka ngati lonjezo,
ntchentche zikundiperekeza mpaka pakhomo.

Nditakhuthula pakhonde, mwana anathawa atagwira mphuno.
Munali khola lonse m'menemo:
chisoso cha chaka chathunthu,
ndowe zouma zolendewera ngati mikanda,
nkhupakupa imodzi ikuyendabe
osadziwa kuti mwini nyumba anasamuka.
Nkhosayo ndinaidziwa osaiona.
Apa m'pomwe inkagonera, katondo wafiiritsa.
Apa inadzikanda pawaya.
Apa, pakhosi, chingwe chinadya.

Masiku atatu ndikutola zitsotso
ndi zala zomwezi zothyola tiyi,
zong'aluka m'mbali ngati nthaka ya m'chilimwe.
Tsiku lachinayi ming'alu inali itatsekeka.
Nkhosa inandidzoza mafuta ake osandifunsa.

Poyamba ndinalakwa.
Ndinauchapa ngati yunifomu ya mwana,
kufikisa, kufinya, kumenyetsa pamwala,
ubweya unakwiya, unagwirana
nkukhala chinthu cholimba chopanda dzina.
Pano galu ndiye amagonapo.

Wotsalawo ndinaunyengerera.
Madzi otentha m'bafa, sopo wosungunuliratu,
kuuviika, kuusiya, manja kumbuyo
ngati ukudikira kapitawo awerenge makilo.
Madzi oyamba anatuluka ngati Nsuwadzi mu Januwale,
achiwiri ngati tiyi wapamaliro,
achisanu m'pamene ndinaona pansi pa bafa.

Kenako chiperoni.
Sabata yathunthu phiri osaoneka,
ubweya pawaya wa nkhuku ukumwa nkhungu m'malo mouma.
Kumjigo ankati Fagesi wayamba kuweta mitambo.
Sindinayankhe. Ndinkautembenuza m'mawa ndi madzulo
monga utembenuzira wodwala.

Dzuwa litabwerera ndinagula zipeso ziwiri ku Luchenza,
china chinathyoka mano asanu.
Kupesa, kupesa, mpaka tsitsi lililonse
litavomera kuyang'ana kumodzi ndi linzake.
Thumba lonse lija
linakwana m'lichero limodzi,
loyera, lachete, lonunkhirabe nkhosa pang'ono
ukayandikiza mphuno.

Chopotera ndinapanga ndekha:
sipoko ya njinga, nthanga ya peyala kumunsi.
Chinagwa pansi kosawerengeka.
Ulusi unkatuluka pena wonenepa ngati nyongolotsi,
pena woonda ngati malipiro a mwezi wa June,
nkuduka,
ine nkulumikiza ndi malovu, nkuyambanso.

Zonsezi chifukwa cha makutu a Witinesi.
Amalondera kufakitale usiku,
amafika mbandakucha makutu ali zii ngati miyala ya mumtsinje,
nkumawaika pamsana panga kuti afunde.

Chipewa ndinachitsiriza mu Okutobala,
mitengo ya mango itayamba kale kulemera,
usiku tikugona chitseko chili pululu.
Anachivala tsiku limodzi, thukuta kamukamu,
anayenda nacho mpaka kumsika kuti anthu aone,
chopendama, chamabumphu, khutu limodzi lili panja.

Tsopano chili m'sutikesi, chikudikira chiperoni.
Dzulo ndinakumana ndi a Nakhumwa pamlatho,
anati, ngongole ija tinathana eti?
Ndinayang'ana zala zanga, zayambanso kung'aluka.
Ndinati, nkhosa zija mumeta liti?