Chipinda Chipume

Anatipatsa maola makumi atatu,
zitini ziwiri za penti, madola mazana asanu,
ndi chipinda ku Avondale chopanda denga,
kumwamba kuli mababu okhaokha
owotcha ngati dzuwa la Okutobala.

Tinayamba tilipo khumi, tatsala atatu.
Mnyamata wa kamera amanditsata mpaka kumpopi
kudikira kuti mwina ndilira.
Ine ndimangotsuka burashi.

"Sabata ino," anatero Tonderai, mano onse pamtunda,
"kachipinda ka mamita atatu uku ndi uku.
Tione amene akakulitse."
Anzanga anagwira m'mutu.
Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Kakang'ono kameneka?
Ku Matapi, ku Mbare, tinakulira m'kotere
anthu asanu ndi awiri.
Mayi anadula chipinda ndi waya ndi chitenje:
uku kogona, uku pabalaza,
pansi pa bedi mbale ndi mapoto,
pamwamba pa wodiropu sutikesi ya bambo
yomwe ikudikirabe basi ya ku Ntcheu
mwini wake atagona kale ku Granville.

Ndinakwera kombi ya ku Glen View,
ndinanenerera zidutswa za matabwa
mpaka mmisiri anati, "Tenga, mwanangu, wanditopetsa."
Ndinakhoma bedi loimirira kukhoma masana,
tebulo lotsika pachitseko ngati lilime,
kalilole moyang'anana ndi zenera
kuti kuwala kubereke mapasa.
Khoma la m'munsi ndinapaka mtundu wa katondo
chifukwa manja a ana safunsa chilolezo.
Pakona ndinasiya kashelefu, chikhatho chimodzi.

Oweruza analowa akununkhira Borrowdale.
Mai Gwatidzo anayendetsa chala pathabwa,
anachiyang'ana, sanapeze fumbi.
"Luso lilipo, Felesiya.
Koma mwathinana muno.
Chipinda chimafunika kupuma."

Kupuma.
Chathu chija chinkapuma ndi mapapo khumi ndi anayi:
mkonono wa bambo, chifuwa cha Eneresi,
mpweya wa mchimwene m'khosi mwanga mwezi wa Juni
bulangete likachepa.
Sindinawauze zimenezo.

"Nanga kashelefu aka?"
"Nka kandulo, magetsi akathima."
Anaseka onse, ngakhale wonyamula maikolofoni,
ndipo wotsogolera anati ndibwereze,
mawu sanagwidwe bwino.
Ndinabwereza katatu
mpaka mawuwo anatha kukoma ngati chingamu.

Anapambana Rumbidzai.
Khoma loyera, mpando umodzi,
mtsuko wautali muli kamtengo kouma.
Kunali kokongola, ndisaname,
ndinaima pakhomo ndikumva mtima kuzizira bwino.
Koma ndinayang'ana pogoneka mlendo
ndipo sindinapaone.

Tsiku loonetsa pa kanema
mdadada wonse unadzaza kwathu,
ena pazenera, ana pansi pa tebulo.
Anandiona ndikukhoma msomali, anaimba mluzu.
Anaona bedi likukwera kukhoma, anakuwa.
Mai Gwatidzo atangotsegula pakamwa,
phethi! magetsi.

Mdima.
Wina anatukwana m'Chishona, wina m'Chichewa.
Mayi anapapasa machesi m'thumba la epuloni,
anayatsa kandulo, anasowa poiika,
anangoigwira m'manja, phula likudontha.
"Ndiye unawina?"
Ndinati ayi.
Anati, "Bedi lija linakwera bwino."

M'mawa, ndisanasukusule n'komwe,
Sekuru Mapfumbi a pansanjika yachitatu
anagogoda atanyamula chingwe cha sisalo
chomangidwa mfundo ziwiri.
"Khoma langa ndi apa mpaka apa.
Tilimo asanu ndi anayi, wina ali m'njira.
Ndizilipira pang'onopang'ono."

Ndinatenga pensulo kukhutu.
Pepala linasowa,
ndinalemba miyeso kuseri kwa kalata
yondithokoza chifukwa chotenga nawo mbali.