Kachitini ka Pansi pa Mpando

Ntchito yanga n'kuperekeza galimoto za eni,
zochokera ku Japani, zonunkhabe nyanja,
kuzitula kwa mwini, ine n'kubwerera pa basi.
Mu imodzi mwa izo, pansi pa mpando,
ndinatola kachitini konga ka fodya wa m'mphuno,
zilembo zake ngati mapazi a nkhuku pamatope.
M'katimo ufa wobiriwira
kuposa masamba a nshawa mvula itagwa kawiri.

Ndinanyambita. Ndinalavula. Ndinanyambitanso.
Namwino amene ndinamukweza pa Nyimba
ndiye anaseka: Bambo, uyu ndi tiyi, amati matcha.
Madzi ake asabwadamuke, angoyamba kung'ung'udza,
ndipo mumutakase mpaka thovu liime.

Kachitini kanatha chisanu chisanathe.
Khosi linayamba kundifunsa mafunso.

M'sitolo ya mwenye, kumunsi kwa Chipata,
mnyamata anagwedeza mutu ngati wamva,
nandiponyera bokosi la machesi.
Mumsika wa Kapata, Amai Tikambenji
anandiyezera chammwamba wosinja m'chivindikiro:
Zobiriwira ndi zobiriwira, mwanawe,
uyu amachizanso miyendo.
Ndinagula, kuopa kuwachititsa manyazi.
Pa Mwami wosintha ndalama anati, Dikirani pompano,
nabwera thukuta lili kamukamu
ndi pepala la ufa wotumbuluka ngati fodya wa chaka chatha.
Unawawa ngati ngongole.
Makwacha anapita, matcha sanabwere.

Mwezi wa khumi, dzuwa likuswa mtengo,
tayala linandiphulikira pa Katete.
Makanika wake, a Zakeyo Sakala,
munthu wosalankhula, mafuta mpaka m'zigongono,
anaona kachitini kopanda kanthu padashibodi,
anaika sipanala pansi.
Anasamba m'manja kawiri.

Kuseri kwa galaja, pakati pa mabatire akufa,
anatulutsa kawo, kokulunga m'nsanza yoyera.
Anaphunzira mathirakitala kutsidya kuja, akutero,
ndipo mnzawo amawatumizira kamodzi pachaka,
akakumbuka.
Anasefa ufawo ngati wa mwana wodwala.
Mpukutuso wawo wa nsungwi anausema okha ndi lezala,
timano tambirimbiri, tiwiri tothyoka.
Dzanja lomasula mabawuti lija
linapepuka ngati phiko la njuchi,
tswa-tswa-tswa m'kambale kong'aluka mkombero,
mpaka pamwamba panaphuka ndere zofewa.

Ndinamwa.
Poyamba msipu wa m'dambo m'mamawa.
Kenaka china chonga msuzi wa bowa wopanda mchere.
Kutsekemera kunafika mochedwa,
ngati basi yomaliza ya ku Lusaka
imene onse anaitaya mtima,
koma inafika, nyali zili ngwee.
Malole a thonje ankadutsa pamsewu,
sindinawamve.

Ndinafunsa mtengo.
Anati, Tayala ndi makumi asanu.
Ndinati, Ndikunena winayu.
Anatsuka kambale, nayanika mpukutuso pamsomali,
nati, Mukadzaphulitsanso tayala, muime.

Kuyambira pamenepo galimoto iliyonse
ndimayamba ndagwada, kupisa dzanja pansi pa mpando.
Ndatolamo sokosi ya mwana,
ambulera yothyoka nthiti,
kandalama koboola pakati,
chithunzi cha galu atavala juzi.
Kachitini ayi.

Ndipo ndikamayandikira Katete
ndimadzigwira ndikuchepetsa liwiro,
maso pa phula,
kufunafuna msomali.