Nkhungu Ziwiri

Lachiwiri, pakati pa Januwale.
Phiri lafunda nkhungu mpaka m'mapewa,
Mulunguzi akumveka ngakhale mawindo ndi otseka,
ndipo Abiti Yusufu atsika minibasi ya ku Songani
ndi mango ouma m'jumbo, jumbo m'chitenje,
chitenje m'khwapa kuopa mvula.

Andisankhira okongola okhaokha,
opyapyala, achikasu, opanda banga.
Ndimawadziwa amenewa.
Ndi aja amagona pamwamba pa thumba
pamene maso a wogula amayambira.
Mayi, nditero, sindikukwatira mango anu,
ndipatseni thumba lonse.
Aseka, koma dzanja likakamirabe pa mfundo.

Ndivala magolovesi.
Thukuta la chala changa nalonso ndi madzi,
ndipo makina sadziwa kusiyanitsa
thukuta langa ndi la mango.
Nditapa pamwamba, nditapa pakati,
ndipisa mpaka pansi pamene zidutswa zamatana
ngati ana ogona mphasa imodzi mu Juni.
Zonse m'botolo, chivindikiro thi!
Mpweya wa Zomba mwezi uno ndi mlendo wosagogoda,
ukaupatsa mphindi zisanu
wakhala kale pansi, wayamba kudya.

Kenako kudikira.
Thumba labwera lofunda, linatsamira injini njira yonse,
liyenera kuzizira kufikira lifanane ndi chipinda.
A Likoswe, amene anandiphunzitsa ntchitoyi,
ankati chinthu chotentha chimanama,
chozizira kwambiri chimachedwa kuyankha.
Iwo anapuma ntchito, ali ku Thondwe akuweta nkhunda.
Mawu awo anatsala pa shelefu, pafupi ndi mchere woyesera.

Mcherewo ndiye uyamba kulowa.
Nambala yake ndimaidziwa ngati tsiku langa lobadwa,
makina akaiphonya
ndiye kuti lero wodwala ndi makina.
Sanaiphonye.

Ndidula ndi sizasi, sindisinja,
mtondo umatenthetsa, madzi n'kuthawa mlandu usanayambe.
Tizidutswa tonga chikhadabo
ndiyala pansi pa kakapu mpaka pansi pasaoneke,
theka lokha, osadzaza.
Ndipukuta m'mlomo mwake.
Nditembenuza nkhope kuti ndipume.

Abiti afunsa: mukufuna madzi anji?
Ndinayanika masiku anayi,
finyani muone ngati mutuluke dontho.
Ndiwauza kuti madzi ali pawiri.
Ena anamangidwa ndi shuga, sapita kulikonse.
Ena ndi oyendayenda, alibe mwini,
amenewo ndiwo amatsekulira nkhungu chitseko,
osati ya kuphiriyi,
inayo, yobiriwira, imene idzamere m'paketi
ili kale pa shelefu ku Blantyre
dzina la gulu lanu litalembedwa pamwamba.

M'kati mwa makina muli kagalasi kochepa ngati njere ya mphodza.
Kamazizira pang'onopang'ono
mpaka mame oyamba atagwerapo.
Tonse awiri tili chete.
Panja ophunzira akuthamangira kalasi, mabuku pamutu.
Ndikupempha mumtima kuti magetsi asazime.

Kulira kamodzi.
Ziro poyinti seveni wani.

Ndibwereza ndi kakapu kena, kenanso kachitatu,
poti mboni imodzi siimangitsa munthu.
Zitatu zonse zinena chimodzi.
Tinkafuna sikisi, kapena kutsikirapo.

Abiti ayang'ana nambala ija nthawi yaitali
ngati kalata yochokera ku khoti.
Kenako atola kamodzi mwa okongola aja,
amene anandisankhira m'mawa,
nafunsa: awa akanakhoza?
Nditi mwina.
Agwedeza mutu. Ndi apansiwo, atero.
Tsiku lachinayi kunachita mitambo,
ndinalongedza msanga poti mwana anali ku chipatala.

Amanga mfundo, jumbo m'chitenje.
Afunsa ngati Lolemba ndidzakhalepo,
ndi mtengo wa pulasitiki yofolera choumitsira.
Ndilemba tsiku, nambala, kutentha kwa chipinda.
Nditsuka tikapu titatu,
ndi kutisiya chozondoka pa nsalu kuti tiume,
ngati kuuma kulipo mwezi uno.