Chibwibwi cha Korola

Zinayamba pachikweza titangowoloka Rusa,
matumba asanu a mtedza ali kumbuyo.
Ndinaponda moto, iyo n'kuyankha
ngati mwana wofunsidwa za chenji:
bu, bu-bu, bu.
Wakabaza anandipitirira,
n'kundiimbira belu.

Korola iyi ndi msinkhu umodzi ndi mwana wanga wachisamba,
ndipo iye ali ndi ana awiri.
Inali isanandichititsepo manyazi chonchi.

Gelesomu wa pa Kamwendo sanathamangire sipanala.
Anatenga sikuludiraiva, chigwiriro kukhutu,
nsonga pa injekita, imodzi imodzi,
monga mzamba amvera mimba.
"Onse akugogoda," anatero,
"koma pa anthu anayi osenza denga
mmodzi wangoikapo dzanja."

Anazula mapulagi.
Atatu ofiirira ngati fodya wouma bwino,
wachitatu pamzere wakuda bii, wonyowa, wonunkha petulo.
Tinagula anayi atsopano.
Thumba lathunthu la mtedza linathera pamenepo.
Inalira mokoma mpaka pasikelo pa Nasimelo,
kenako bu, bu-bu.

"Mayi, mumaimwetsa a m'zigubu?"
Ndinayang'ana zala zakuphazi.
Ndani sanamwetseko, mapampu atauma mwezi wonse?
Anakhuthulira sefa m'botolo la Fanta:
dzimbiri, timchenga, madzi atakhala pansi phee.
Ndinati tamugwira wakuba.
Sefa yatsopano, thanki kutsuka,
dzanja lake pa paipi kumva ngati pampu ikukankha.
Ikukankha.
Chibwibwi chili pomwepo.

Alamu anga anati ndi anzanga ogula mtedza andiponda.
Wina anati ndi kompyuta, pitani nayo ku Lilongwe
akaifunse ndi makina.
Gelesomu anangopukuta manja pa ovolosi,
osayankha aliyense.

Lachinayi tinachedwa, ndipo magetsi anathima.
Ndinayatsa tochi ya foni.
"Zimitsani," anatero. "Ilizeni."
Tinaweramira m'boneti, mdima wokhawokha,
injini ikunjenjemera ngati ya malungo,
iye akuwaza madzi ndi zala pa mawaya.

Ndiye ndinakaona.
Kamoto kobiriwira, kochepa kuposa chiphaniphani,
thya, thya, thya,
kudumpha pa waya wachitatu kupita pachitsulo.
Moto umatumidwa ndithu,
koma umakhotera panjira,
pulagi n'kumadikira ngati mkazi wa woledzera.

Kutacha tinaona mano.
Timizere tiwiri pa labala, kunsi kosafika diso,
ndipo pansi pake, pofunda,
makoko a mtedza, thonje la mpando wanga,
kansalu ka chitenje chomwe ndinkati anaba ana.
Khoswe.
Anakwera ku Kapiri osalipira,
ndine ndinkamudyetsa,
iye n'kundidyera masiku asanu ndi anayi.

Waya tinakazula pa galimoto yakufa kuseri kwa galaja.
Mwini wake anangoti mugule sopo.
Pa zonse zomwe ndinalipira,
chochiritsa ndicho chinali chotchipa.

Dzulo ndadutsanso pa Rusa ndi giya yachitatu,
matumba asanu ndi limodzi.
Wakabaza uja ndinamupeza pakati pa chikweza, ataimirira pa mapedulo.
Dzanja linafika pa huta,
koma ndinaona thukuta kumsana kwake
ndipo ndinangodutsa.

Mapulagi akale aja ndikusungabe m'kabati ya kutsogolo,
m'pepala la shuga.
Ndikagunda bampu amagogodana.
Onse anayi analibe mlandu.