Chilembo Chimodzi

Nsapato ndinagula ku Mbare, Epulo wa chaka chatha.
Muyezo wake unali ulusi wa thumba la feteleza
umene aphunzitsi ako anadula molingana ndi phazi lako
n'kupatsira kondakitala wa basi ya Lachinayi.
Jakaranda wa pa msewu wa kukhoti
wayoyola maluwa kawiri tsopano.
Nsapato zili m'bokosi pamwamba pa wodiropu.
Phazi lako silinadikire chidindo.

Sungeni, mwana wa mng'ono wanga,
kwathu nkhaniyi ikanathera pa siwa pomwepo:
Esinati wagona, mayi watsala ndine.
Koma pakati pa Mufakose ndi Mtakataka
pali malire awiri, mlatho wa ku Tete,
ndi anthu a mataye
amene sakhulupirira magazi opanda siginecha.

Ndadinda zala zonse khumi kupolisi.
Inki inakhala m'zikhadabo masiku atatu,
kalata yake inakhala miyezi isanu ndi umodzi
n'kufa ili pa mzere, ikudikira ya dokotala.
Ya dokotala itafika, ndinabwerera kukadinda zala.
Zala zomwezo. Sindinabe kanthu pakatipa
kupatula maola a abwana anga.

Mai Gwatidzo a zachisamaliro anabwera Loweruka.
Anawerenga mabulangete, anatsegula kabati,
anafunsa ngati madzi amatuluka pa mpopi.
Ndinati Lachiwiri usiku, akafuna.
Anaseka, kwawonso n'chimodzimodzi, koma analemba.
Kenaka, maso ali pa fomu:
nanga anu obereka nokha?
Amuna anga anayamba kuwerenga malata.
Ine ndinathira tiyi m'kapu yodzadza kale.

Zonsezo tinadutsa. Chatigwira ndi chilembo chimodzi.
Bambo atabwera kudzagwira ntchito ya njanji
kalaliki anamva Kaliwo, dzanja lake linalemba Kariwo,
poti lilime la kuno silidziwa L.
Esinati atakwatiwa kumudzi anabwezeredwa L wake,
ine ndinatsala ndi R wa pa chitupa.
Ndiye mtsikana wa pa windo, ndolo zikugwedera,
akuti mapepala sakusonyeza kuti munabadwa mimba imodzi.
Ine amene ndinamubereka kumbuyo Esinati
mpaka chipande chake chinadinda pa msana panga!

Akufuna mboni ziwiri zimene zinawadziwa bambo.
Ndapeza imodzi, telala wa ku Rugare,
a Lufeyo, maso achita ng'ala,
amene analumbira atagwira Baibulo chadodolido
n'kufunsa ngati kumudzi mango ayamba.
Yachiwiri ndikuifunafuna. Ambiri ali ku Mbudzi, pansi.

Pa benchi timadziwana tsopano.
Bambo wa penshoni, mtsikana wa pasipoti yonyowa,
timasungirana malo wina akapita kokagula chimanga chootcha.
Nambala yanga lero ndi 47.
Pa 31 magetsi azima.
Mawa, amayi. Bwerani mawa m'mamawa.
Fayilo ndaikulunga m'pulasitiki
ndipo mu kombi ndimaifungatira pa chifuwa.
Yanenepa, fayiloyi. Ikulemera ngati khanda la sabata ziwiri.
Mayi wina anandisunthira malo, osadziwa.

Lamulungu madzulo foni ya aphunzitsi imalira.
Kale unkafunsa kuti mubwera liti.
Unasiya. Pano umandiuza zina:
dzino lachoka, mbuzi yadya buku la masamu,
diresi lachikasu lija ukuvala ndi Nabanda wamng'ono.
Ndimamvera mpweya wako pakati pa mawu
mayunitsi akutha ngati madzi m'dengu.

Dzulo wina anafunsa chapatali, ukuyankhula ndi yani?
Unati, ndi amayi a ku Halale.
Halale, ndi L wako, wonse, kawiri.
Sindinakukonze.

Usiku ndinatsitsa bokosi lija.
Nsapatozo ndipatsa mwana wa a neba.
Auze aphunzitsi adulenso ulusi wina,
koma ausiyire kamalo kutsogolo,
ka chala chimodzi.
Kapena ziwiri.