Malire a pa Disiki

Chala changa chinalakwa Lachitatu, cha m'ma folo koloko,
m'kashopu kanga kuseri kwa msika wa ku Ulongwe.
Madisiki anali awiri patebulo, ofanana ngati mapasa.
Ndinkafuna kukonza ya kumanzere.
Ndinalemba pa ya kumanja.

Kompyuta sinakuwe.
Inangofunsa mwaulemu: muno mulibe kanthu, ndisese?

Mulibe kanthu!
Zaka zisanu ndi ziwiri za kalabu ya alimi a mbatatesi a ku Domwe,
amene anakongola feteleza, amene anabweza,
matumba amene anakwera lole ya ku Tete,
zonse zimene mayi Felizarda Chimbalanga anandisiyira m'mawa
atakulunga pa mpango ngati dzira.

Ndinaika manja m'khwapa.
Chimodzi chokha ndinkachidziwa: ukasokoneza malire
usathamangire khasu.

Pajatu si minda imene ndinafufuta.
Ndi kakalata kakang'ono ka pakhomo pa disiki
konena kuti gawo ili layambira apa, lathera apo.
Mbewu zikadali chilili.
Ndazula khonje wa m'malire basi.

Ndinayamba ndakopera disiki yonse pa ina,
ndi zilonda zake zomwe,
kuti ndikalakwanso ndilakwire chithunzithunzi chake.
Maola atatu. Ndinawanyengerera magetsi
monga umanyengerera mwana wodwala kuti ameze.

Kenako pulogalamu yofufuza inalowa m'thengo,
mzere ndi mzere, ikupapasa zitsa.
Kunja njinga zamoto zinatha. Chisanu cha Juni
chinadzera pansi pa chitseko n'kundigwira akakolo.
Makumi atatu pa zana. Makumi atatu ndi chimodzi.
Mlonda anandibwereka bulangete, osafunsa.

Tambala asanalire inapeza malire,
koma awiri, pa nthaka imodzi.
Ena a alimi.
Ena akale, apansi, a amene anagulitsa disikiyi:
ndinasuzumira, ndinaona mwamuna wa chipewa cha mgodi ku Moatize,
mano okha oyera, khanda m'manja.
Sindimudziwa. Theka la zithunzi zake linalimidwa kalekale.

Onse awiri sakanakwana m'kakalata kaja.
Ndinawerenga manambala katatu, mokweza,
ngati wowerenga dzina pa bokosi,
ndipo ndinalemba malire a alimi.
Kuzimitsa. Kuyatsa.

Mafoda anatuluka, dzina ndi dzina,
ngati anthu otuluka m'tchalitchi.

Mayi Felizarda atafika ndinaulula zonse.
Sanandiyang'ane. Anakoka mpando:
tatsegula pa Gervásio.
Ngongole yake inalipo, matumba anayi, osasuntha.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Ameneyu, anatero, akanakugulira mbuzi.

Sindinalandire metikali ndi imodzi yomwe.
Tsopano disiki ya mwini ndimaimanga kansalu kofiira
ndisanakhudze chilichonse.
Koma wa mgodi uja ndinamusunga, zithunzi khumi ndi chimodzi.
Akubwera kudzakonzetsa foni ndimawaonetsa:
kodi uyu mukumudziwa?