Chafufumimba

Mayi Zhor abwera kachitatu tsopano
ku shopu yanga kuno ku Fez, kuseri kwa osula mkuwa,
ndipo sanasankhebe.
Mwana wawo Marouane ali ku Lyon,
amatumiza zithunzi pa foni:
mwala wa mabo, woyera mbee, wa mitsempha yotuwa.
Akuti ndi umene anthu akuika masiku ano,
akuti suvuta kukolopa, akuti alipira yekha.
Iwo amandionetsa foniyo atatalikitsa mkono
ngati anyamula mbale ya eni.

Ine mabo sindidana naye.
Ndi mwala waulemu, wozizira bwino m'chilimwe,
koma umabwera utamaliza kale kulankhula.

Ndawayalira zanga pa thebulo:
tailosi yobiriwira yomwe inapsa mbali imodzi m'ng'anjo,
yachikasu ngati uchi wa chaka chatha,
yakuda, ndi buluu amene sabwera mofanana kawiri.
Akuzigwira ndi nsonga za zala, imodziimodzi,
monga amachitira pogula mapeyala.

Pakona, Hmad akugogoda.
Khe, khe, khe, kanyundo kakuthwa konsekonse.
Kuchokera m'tailosi imodzi akutulutsa nyenyezi,
kenako kanthu konga njere ya amondi,
kenako zinyenyeswa zimene mkazi wake
amazipeza m'makutu mwake madzulo.

Atulutsa kapu m'chikwama, yothyoka chogwirira.
Amuna anga ankamwera iyi, akutero,
ndikufuna khoma la pa mpopi wa m'bwalo
likhale la mtundu uwu.
Ndayang'ana. Si buluu, si wobiriwira,
ndi mtundu wa chinthu chotsukidwa zaka makumi anayi.
Mtundu umenewu, mayi, ng'anjo siidziwa.
Ndiye yandikirani, akutero. Musafike. Yandikirani chabe.

Sabata zisanu.
Tidutswa timatiyala pansi chafufumimba,
nkhope zawo ku dothi, misana kwa ife,
zikwi zinayi za misana yotuwa yofanana.
Umagwira ntchito ndi chikumbumtima cha maso,
kuti aka kanali kakuda, aka kanali ka kapu ija,
ndipo ukathira simenti pamwamba
palibenso kufunsa.
Bambo anga ankati m'menemo ndi momwe amalerera ana.
Sindinawamvetse mpaka ndevu zitachita imvi.

Tsiku lodzutsa khomalo tinalipo anayi,
bulu wonyamula katundu akudikira pa khomo.
Linadzuka lolemera ngati munthu wodwala,
ndipo kumunsi, kudzanja lamanzere,
nyenyezi imodzi yachikasu inakhala
pamene panayenera yakuda.
Hmad anayang'ana kudenga.

Ndichotsa mawa, ndinatero.
Mayi Zhor anawerama, mawondo akulira,
n'kuika chala pa nyenyeziyo.
Isiyeni. Idriss nayenso
sankakhala pomwe mwamuika.

Marouane anaimba usiku womwewo,
akufunsa ngati kubafa, mwina kubafa kokha,
tingaike mabo uja.
Mayi ake anati aganiza kaye.
Madzi anali atayamba kale kutsika pa khoma,
ndipo utoto uja, utanyowa,
unayandikira pang'ono.